Ng'anjo ya pachulu ku Engutwini

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chomwe fodya wathu anabwezedwa kawiri ku okushoni. Mkazi wanga, nyaJere, anali woyembekezera, ndipo nyumba yathu ku Engutwini inali yaudzu, yodontha.

Ndisananyamuke ndinamutengera mng'ono wanga Vitumbiko kuseri kwa munda. Pachulu pamenepo panali ng'anjo yakale yadothi, yotalika kuposa munthu, momwe makolo athu ankasungunuliramo chitsulo cha makasu azungu asanabwere. Malemu bambo ankailambulira chaka ndi chaka.

"Uziisamala," ndinatero.

"Yewo akulu, musadandaule."

Ku Joni ndinkasamalira maluwa panyumba ya mzungu, n'kumagona m'kachipinda kamalata. Lamlungu linkatalika. Kusungulumwa kukandigwira ndinkajambula mawu pafoni, kufotokoza zomwe bambo ankatiuza: momwe osula ankasalira akazi awo moto usanayatsidwe, nyimbo zomwe ankaimba popopa mvukuto. Ndinkatumiza pagulu la pafoni la anthu akwathu, n'kumawaitana kuti adzaone ng'anjoyo. Ena a ku Euthini ndi ku Luwawa anayamba kufotokozanso za malo akale akwawo. Vitumbiko ankanditumizira zithunzi za ng'anjoyo, ine n'kumatumiza ndalama zomangira nyumba, ngakhale miyezi yomwe ndinkadyera buledi ndi madzi.

Patatha zaka zisanu ndinabwerako. Nyumba inalidi yokongola, yanjerwa zootcha. M'mawa mwake ndinathamangira kuseri kwa munda. Ndinapeza dzenje lodzaza madzi a mvula.

"Ng'anjo ili kuti?"

Vitumbiko anayang'ana pansi. "Dothi la pachulu paja linali labwino chomene, akulu. Oumba njerwa zanu anakumba, anakumba, mbwenu inagwa."

"Liti?"

"Chaka choyamba chomwe."

"Nanga zithunzi zija?"

"Ndinajambuliratu zambiri tsiku limodzi."

NyaJere ankadziwa. Ena a pagulu paja ankadutsa pomwepo popita kutchalitchi, n'kumandilemberabe kuti, "Pitirizani, nkhani yokoma." Zaka zinayi ndinkaitanira anthu kudzaona chinthu chomwe kunalibe, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wonditsina khutu.

Ndinapita kwa amayi ndili ndi misozi ya mkwiyo. Anandimvetsera akusenda nyemba, osakweza mutu.

"Ukanamva ukanakwiya, ukanasiya kutumiza," anatero. "Mwana wako akanakulira pati?"

Kwathu ankandikonda, inde, koma ankandisamala ngati ng'ombe yamkaka, yosayenera kudzidzimutsidwa.

M'nyumbamo ndimagonamo mpaka lero. Koma khoma lake sinditsamira.