Ada, ndagula yosafuna mwala

Ada, dzulo ndinakatenga galimoto yanga yatsopano ku Mzuzu. Nditangoiliza kamodzi n'kuyaka, misozi inalengeza, ndinakumbuka inu. Mukukumbuka tsiku lija kagalimoto kanu kokalamba kanazima pachitunda chochokera kudoko, titanyamula usipa? Munanditsitsa kuti ndiike mwala kutayala, ine ndili mu yunifolomu ya sukulu, anthu akutiseka. Inu thukuta lili kamukamu munangoti, "Mwana wanga, iwe udzagule yosafuna mwala." Ndagula, Ada. Koma mpando wakutsogolo ulibe munthu.

Yanu ija mng'ono wanu anailanda tisanamete n'komwe, dothi la pamanda panu lisanaume. Anawauza Ama pamaso pa anthu kuti mkazi sasunga makiyi. Ama ankapita kuchipatala wapansi, miyendo itatupa, mng'ono wanuyo akuwadutsa ndi fumbi. Lero galimotoyo yakhala panjerwa pakhomo pawo ku Chikale, nkhuku zikuikiramo mazira. Ndiye pobwera dzulo ndinawapeza abambo aang'onowo pasiteji akudikira minibasi, dzuwa likuswa mtengo. Anandizindikira, n'kukweza mkono uku akumwetulira. Ndinaima bwinobwino, ndinatsitsa galasi. Munandilera mwaulemu, choncho moni ndinawapatsa: "Mwatandala uli, ada?" Atangogwira chitseko, ndinakweza galasi n'kunyamuka pang'onopang'ono kuti aione bwino. Ngati kumeneko mwakwiya mundikhululukire, koma mpando umenewo ndi wanu. Iwo akakwere yomwe analanda ija.