Bonongwe wa mlamu wanga

Kopaletivu itafika kwathu ku Msoro, ndiwo za m'madimba mwathu zinayamba kupita pa lole ku Chipata Loweruka lililonse. Anthu a m'tauni ankaitanitsiratu zimene akufuna, ndipo mlimi amene ndiwo zake zaitanitsidwa kwambiri ndiye ankakhala kutsogolo, pambali pa dalaivala, kukapereka katunduyo. Mpando umenewo ndinkaufuna ine, sindibisa.

Ndipo unayenera kukhala wanga. Dimba langa linali la kabichi ndi repu, mizere yowongoka, lopanda ndi kaudzu komwe. Njovu ndinkazithamangitsa ndi utsi wa tsabola mpaka maso kufiira. Dimba loyandikana nalo linali la mlamu wanga, mkazi wa mng'ono wa amuna anga, koma limenelo linali tchire basi. Munthu wake khasu ankaligwira ngati likuotcha. Ine ndikamapalira ndinkazula bonongwe ndi chisoso n'kuponyera kwake, poti zinyalala zimapita kudzala.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kabichi wanga anayamba kubwerako atafota. Nditafunsa, wapampando wa kopaletivu anati, "Amayi, kabichi ku Chipata ali mbwee. Anthu akulira bonongwe, akuti amawakumbutsa kumudzi."

Loweruka lotsatira ndinaima pamsewu ndi dengu langa. Lole ikubwera, ndinaona duku lofiira kutsogolo. Mlamu wanga! Chigongono chili pawindo ngati galimotoyo anagula yekha. Nsanje inandigwira moti sindinathe ngakhale kumukwezera dzanja. Ine wa matuza m'manja ndinatsala ndikumeza fumbi.

Madzulo anabwera kunyumba kwanga ndi mabanzi m'pulasitiki, akununkhira mafuta odzola a m'tauni.

"Mwaswera bwanji, amulamu? Awa ndi anu."

"Anga? Ndagwira ntchito yanji?"

"Aa, si ndinu munandibzalira? Bonongwe yense uja anamera pamene mumatayira paja. Mukamapaliranso muziponyera konkuno, maoda achuluka."

Ankanena ndi mtima woyera, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka koposa. Akanakhala kuti akundinyogodola, bwenzi nditamuyankha. Mabanziwo anadya ana.

M'mawa mwake ndinalawirira kudimba, ndikuti nanenso ndithyole bonongwe wanga, tione amene adzakhale kutsogolo Loweruka. Ndinayenda mzere ndi mzere, ndikusuzumira pansi pa kabichi aliyense, mpaka kumalire. Kutsidya kwa mlamu kunali biriwiri. Kwanga kunalibe ndi tsinde limodzi lomwe. Ndinali nditapalira bwino kwambiri.