Mzungu atakuwa kuti "Fall in"

Utsi wa malasha ukandilowa m'mphuno, ndimapezeka pa siteshoni ya Balaka, nthawi ya nkhondo ija, ndili kamtsikana ndithu koma ana awiri kale. Tinkaperekeza bambo awo, atalembedwa usilikali.

Amayi ogulitsa nthochi anakweza maso. Kumwamba kunkalira chinthu, ndipo kwathu kwa Kalembo tinali titamva kuti ndege zimagwetsa mabomba. Kenako mzungu wotsogolera asilikali anakuwa, "Fall in!"

Mawu amenewo ndinkawadziwa. Kusukulu aphunzitsi ankataya choko pansi n'kunena kuti, "Fall, kugwa. Mtengo, mvula, munthu, zonse fall." Nanga chikugwa pano n'chiyani?

Ndinamasula wakumbuyo, wamkulu ndinamukankhira m'ngalande, ine n'kugona pamwamba pawo.

"Amayi, mukundipweteka!"

"Khala chete, tseka maso."

"Achemwali, tadzukani," anatero mayi wina wanthochi akuseka. "Akuwauza kuti afole. Taonani, aima pamzere."

Ndinasuzumira. Asilikali anali chilili, bambo awo ali pakati, palibe wagwa. Koma chinthu chija chinkalirabe kumwamba.

"Aime okhawo," ndinatero, n'kukanikiza timitu tiwiri tija pachifuwa panga.