Ulusi wa pa Mapiko a Ndege

Amuna anga ankakonza mathirakitala pa esiteti ya tiyi ku Chipinge, koma mtima wawo unali pa kandege kakale kamene kankakhala m'shedi kumapeto kwa munda. Mwini wa kandegeko anali mzungu wina wokalamba. Ndege ikamadutsa, amuna anga ankasiya ngakhale chakudya n'kuthamangira panja. Azimayi apakomboni ankandiseka: "Mkazi mnzanu wa m'shedi uja wadzuka bwanji lero?"

Sindinkakwiya. Amuna a anzanga ankamwa mowa, anga ankapukuta injini.

Zaka zimenezo m'masitolo munalibe kanthu, petulo naye ankasowa. Iwo ndi mzunguyo ankasunga pang'onopang'ono m'zigubu. Tsiku lina amuna anga anafika kunyumba akumwetulira.

"Amayi, mukudziwa kuti mapiko ake ndi a nsalu?"

"Musandinamize, bambo. Ndege yovala ngati munthu?"

"Nsalu yakale yatha. Bwerani ndi manja anu osokawo."

Ndinapita. Anandipatsa singano yaitali kuposa chikhatho n'kundiphunzitsa kamangidwe ka mfundo yake: kuboola nsalu, kuzunguliza ulusi pa kathabwa ka m'kati mwa phiko, kumanga, kenako kusuntha. Mfundo iliyonse ankaikoka ndi chala. "Zimenezi ndizo zidzandinyamule," ankatero.

Anali asanakwerepo ndege chibadwire. Loweruka limene inauluka, anakhala kutsogolo, mzunguyo akuyendetsa kumbuyo. Inazungulira pamwamba pa tiyi, ana akuithamangira pansi. Kenako inatsikira kuseri kwa phiri, osatulukanso. Onse awiri anafera pomwepo.

Pamaliro ndinamva manong'onong'o akuti phiko linang'ambika m'mwamba. Palibe anandiloza chala, koma chakudya chinayamba kundikanika. Ndinkangokhala n'kumayang'ana manja angawa.

Maliro atatha ndinapempha alamu anga kuti andiperekeze kumene ndegeyo inagwera.

"Mulamu, mukapezako chiyani kumeneko?"

"Tiyeni basi."

Injini anali ataitenga kale ofufuza, koma mapiko anali pomwepo pakati pa tiyi, timatabwa titathyokathyoka. Ndinagwada n'kuyamba kukoka mfundo iliyonse ndi chala monga ankachitira malemuwo. Nsalu inali itabooka pamene nthambi zinailasa, koma ulusi sunamasuke paliponse.

Pambuyo pake anadzatiuza kuti injini ndiyo inazima. Ine mtima unali utakhala kale pansi. Mfundo zija zinawanyamula monga ananenera, ndipo anauona munda wonse kuchokera m'mwamba. Ndinadulako kansalu kokhala ndi ulusi wake, ndipo nditafika kunyumba ndinadya.