Diresi la Mayeso

Amuna anga anamwalira mwezi wa Seputembala, nthawi imene mphepo ya ku Chitipa imaulutsa fumbi mpaka m'mano. Tinakawaika kwawo ku Chisenga, kumunsi kwa mapiri a Mafinga. Maliro atatha, apongozi anga aakazi anandiveka zakuda: diresi, chitenje ndi duku. Anandiuza kuti ndikhala nazo mpaka chaka chikwane, ndipo adzandivula ndi iwo omwe, abale onse atasonkhana. Ine kwathu ndi ku Dowa, koma pabanjapo ndinali nditakhalitsa, mwambo wawo ndinkaudziwa. Sindinaone chovuta. Mtima wanganso unkazifuna zakudazo.

Ndinabwerera ku Lufita kumene ndimakhala, ndi kuntchito kwanga. Ndimachapa pachipatala. Nsalu zoyala pabedi, mabulangete, makatani, zonse zimadutsa m'manja mwanga ndi mwa mnzanga mmodzi, mayi wa konkuno, wamfupi, wosatha nthabwala. Kuntchito ndinkavala yunifolomu yabuluu pamwamba pa zakudazo, kenako majombo ndi magolovesi. Tsiku linkatha bwino. Chovuta chinali kuweruka. Ana anga awiri ndi aakulu, ali kutali, ndiye ndikafika kunyumba ndinkangokhala pakhonde kuyang'ana njinga ya malemu itatsamira khoma.

Sukulu ndinalekera Sitandade 8. Ndili mtsikana ndinayamba kuphunzira kusoka pasukulu ya mpingo, koma miyezi itatu isanathe ndinakumana ndi mnyamata wa ku Chisenga uja, basi kusoka kunathera pompo. Moyo wake wonse ankaseka kuti, "Setifiketi yako ndine." Choncho atalengeza kutchalitchi kuti koleji ya ntchito zamanja ikulemba akuluakulu a kalasi yamasana, ndinapita osauza munthu. Kalaliki anandiyang'ana, nayang'ananso kumbuyo kwanga.

"Mwana wake ali kuti, amama?"

"Mwana wake ndi ineyo, bambo. Lembani."

Analemba akuseka, ine ndikusekanso.

Akapitawo athu kuntchito anandilola kuti ndizilowa sikisi koloko m'mawa, osapuma masana, n'kuweruka thu koloko. Loweruka ndizikhala kukoleji, ndipo m'malo mwake ntchito ya Lamlungu, imene aliyense ankaithawa, ikhale yanga ndikatuluka m'tchalitchi. Anati zimenezi ndi za miyezi ya maphunziro yokha, zikatha tibwerere mwakale. Mnzanga uja ndiye anali wotsala ndi kuanula ndi kupinda zamasana yekha. Sanadandaule. Anangoti, "Mukawauze aticha asamakukwapuleni, amama. Mafupa akale sachedwa kusweka."

Njinga ya malemu ndi yachimuna, ya chitsulo pakati. Ndinaiphunzira masiku anayi kuseri kwa nyumba, ndikugwera m'mizere ya mbatata. Kuchokera pamenepo anthu a ku Lufita anazolowera kuona mayi wa zakuda akupalasa thu koloko, nthochi ili kukamwa, kope lili m'kabasiketi. Chakudya changa chamasana chinali chimenecho.

M'kalasi tinalimo ambiri, koma wamkulu ndinali ine. Ngakhale amadamu otiphunzitsa, mayi wa ku Zomba, anali ngati mng'ono wanga. Tinayamba ndi kusoka mapepala a matumba a simenti, kuti tisaononge nsalu. Zala zanga zinkafika zitakhwinyata ndi madzi, singano ikandibaya sindinkamva, koma m'mawa mwake ndikaviika m'sopo ndinkadziwa malo onse pamene inalowa. Diso la singano sindinkaliona. Atsikana ankandilowetsera ulusi mosinthana, ine n'kuwaphunzitsa kusita, pakuti pa simbi pokha panalibe wondiposa.

Masamu ndiwo anandivuta. Amadamu akati gawani chiuno panayi, muwonjezere theka la inchi, mutu wanga unkaima. Ndinadzazimvetsa kuntchito. Tsiku lina ndikupinda nsalu ya pabedi, ndinaona kuti ndikaipinda kamodzi ndi theka, ndikaipindanso ndi kota. Ndinatenga tepi n'kuyamba kuyeza nsalu za chipatala, kenako ndinayeza mnzanga uja, ataimika manja m'mwamba, thovu likuyenderera m'zigongono.

"Mwapeza mainchesi angati?"

"M'chiuno ndi ofanana ndi msinkhu."

Anandithamangitsa ndi thaulo lonyowa mpaka pa zingwe zoyanikira.

Mwezi wa Meyi amadamu anafotokoza za mayeso otsiriza. Tsiku limenelo ndinachedwa, chifukwa kuchipinda cha amayi oyembekezera kunachokera zochapa zambiri ndipo sindikanamusiyira mnzanga mulu wonsewo. Ndinalowa m'kalasi atalankhula kale. Pabolodi panalembedwa kuti aliyense asankhe munthu, amuyeze, adule nsalu, asoke diresi la kolala ndi zipi. Ndinakopera. Kunyumba kunalibe woti ndimuyeze, ndiye ndinaganiza kuti ndidziyeze ndekha, diresilo ndidzalisunge mpaka atandivula zakuda. Atsikana anandiyeza kumsana ndi m'mapewa. Iwo ankayesa ndamva zonse, ine ndinkayesa zonse ndi zapabolodi zija.

Nsalu ndinakagula pamsika kwa mayi wa ku Tanzania. Ananditambasulira zakuda poyamba, ndinapukusa mutu. Ndinaloza yobiriwira ya timaluwa toyera. Anandiyang'ana pang'ono n'kunena kuti, "Karibu, mama," akuidula.

Ndinalisoka milungu isanu. Kolala ndinaiphwasula katatu. Litatha ndinalipachika kukoleji, ndipo ndikalowa m'kalasi ndinkayamba ndaliyang'ana.

Kutatsala sabata ndi theka kuti mayeso achitike, amadamu anati, "Mukawakumbutse anthu anu. Loweruka lija afike m'mawa, adzavale pamaso pa oyesa. Inu mayi, munayeza ndani?"

"Ndinadziyeza ndekha, madamu."

"Ndiye mudzavala nokha."

Ananena akulemba m'buku. Atatukula mutu n'kuona duku langa, cholembera chinaima.

Anandifotokozera bwinobwino. Oyesa ndi ochokera kunja, ndipo diresi lopachikidwa salipatsa malikisi. Amafuna aone mmene lakhalira m'mapewa, m'chiuno ndi pokhala pansi. Likapanda kuvalidwa ndiye kuti ndadikira chaka china. Ine ndinkadziwa kuti chaka china kulibe. Akapitawo anandilola kamodzi, ndipo mnzanga anali atapinda nsalu yekha kuyambira Januwale.

Atsikana anati ndidzalivale pamwamba pa zakudazo monga ndimachitira ndi yunifolomu. Amadamu anati likhala ngati thumba la chimanga, misoko siioneka bwino. Kusoka lina nthawi inali itatha. Ndinalitengera kuntchito kuti mnzanga ayese. Linamukwana m'khosi mokha, kumunsi linkasesa pansi, manja ake osaoneka. Anayenda nalo pakati pa mabeseni ngati mkwatibwi, tinaseka mpaka misozi. Atavula anandiyandikira.

"Amama, n'kanthawi kochepa. Valani, akuoneni, muvule. Ku Chisenga n'kutali."

"Ku Chitipa kuno kulibe kutali. Ndisanafike panjinga adzakhala atamva. Komanso ineyo ndidzakhala ndikudziwa."

"Ndiye pitani mukapemphe. Lamlungu ndikugwirirani."

Ndinakwera galimoto ya matola Lamlungu m'mawa, diresi lili m'jumbo. Ndinawapeza apongozi akutonola chimanga pamphasa, pamodzi ndi mwana wawo wamkazi, mlamu wanga, amene timasiyana chaka chimodzi. Ndinagwada chapatali.

"Monire, amama."

"Yewo, mkamwana. Kwagwanji pakati pa mwezi?"

Ndinafotokoza zonse, kuyambira kuchedwa kwanga. Ndinapempha ngati angandivule zakuda msanga, kapena kundilola tsiku limodzi lokha. Anamvetsera manja akugwirabe ntchito.

"Ayi," anatero. "Zakudazo sindinakuveke ndekha. Amalume ake a mwamuna wako ali ku Mzuzu, anauzidwa Seputembala. Achemwali anga anauzidwa Seputembala. Ndikakuvula lero ndidzawauza chiyani?"

Ndinati ndamva. Ndinalibe mkwiyo, chifukwa ankanena zoona. Ndinayamba kutonola nawo, ndikuganiza mmene ndikamuuzire mnzanga.

Patapita nthawi anati, "Tione chinthucho."

Anapukuta manja, nalitambasula. Kunja sanakuyang'ane n'komwe. Analitembenuza n'kuyamba kutsata msoko ndi chala, kuchokera kukhwapa mpaka kumpendero. Anakoka batani. Anatsegula zipi, natseka.

"Wasoka wekha? Osati atsikana ako aja?"

"Ndekha, amama."

"Mwana wanga ankati umangodziwa kuchapa." Anatembenukira kwa mlamu. "Iwe, m'mene munkabwerekana zovala pa Khirisimasi muja. Tavala."

Mlamu analowa m'nyumba. Tinamva kulimbana, kenako mawu: "Mlamu, tabwera. Lakana." M'mapewa linali bwino, kutalika kuli bwino, koma linaima m'chiuno osatsika.

"Chaka chino mtedza unabereka," anatero mlamu, mutu uli m'kati mwa diresi.

"Unabereka kwa tonse," anayankha apongozi ali panja, "koma wadya ndi mmodzi."

Apa ndinakumbukira zimene amadamu ankatikakamiza tsiku ndi tsiku, zoti m'mbali tizisiya nsalu yokwanira, munthu sakhala chimodzimodzi chaka chonse. Ndinali nditasiya inchi yathunthu mbali iliyonse. Ndinatulutsa tepi, ndinamuyeza mlamu pomwepo, n'kulemba kuseri kwa kope.

Lolemba amadamu anavomera. Anati kukulitsa chovala ndi ntchito ya telala, bola miyezo ya papepala igwirizane ndi munthu wake. Ndinaphwasula mbali zonse ziwiri n'kusokanso. Timabowo ta msoko wakale tinkaoneka, koma izo ndiye zanga. Ndinayala kansalu konyowa pamwamba, simbi yamakala yotentha bwino, n'kusindikiza pang'onopang'ono osaikhwekhwereza. Pofika Lachinayi ngakhale amadamu sanapeze pamene panali msoko.

Loweruka ndinafika kukoleji molawirira, poopa kuti galimoto ya ku Chisenga ichedwa. Ndinawapeza atafika kale, atakhala pansi pa mtengo. Mlamu anabwera, ndipo pambali pake panali apongozi, amene sindinawaitane, atavala duku lawo la kutchalitchi.

"Ndabwera kudzaona sukulu ya agogo," anatero.

Oyesa anali awiri, bambo ndi mayi. Mlamu, munthu woti kumunda amalankhula mpaka tsidya lina kumva, analowa atazolika ngati wapalamula. Anamuuza kuti akweze manja, anakweza. Atembenuke, anatembenuka. Akhale pampando, anakhala pang'onopang'ono. Msoko sunalire. Mayi woyesa uja anagwira kolala, nayang'ana mpendero, kenako anaima nthawi yaitali pa zipi.

"Zipiyi yapindika pang'ono kumunsi."

"Ndi msana wa mwana wanga umenewo," anatero apongozi ali pakhomo. "Anabadwa choncho."

Bambo woyesa uja anabisa nkhope m'mapepala. Zipiyo inalidi yopindika, ndipo ndinavomera kuti ndi dzanja langa. Analemba zimene analemba.

Titatuluka mlamu anavula, n'kundipatsa diresi. Ndisanaliike m'jumbo apongozi analitenga, analipinda bwinobwino, n'kuliika m'chikwama chawo.

"Ili likupita ndi ine."

Ndinawaperekeza kokwerera, ndinabwerera kunyumba wopanda kanthu m'manja. Lolemba ndinalowa ntchito nthawi yakale, ndipo masana ndinamuuza mnzanga kuti akhale pansi, nsalu zonse ndipinda ndine.

Zotsatira zinatuluka mu Ogasiti. Ndinakhoza. Kalaliki yemwe uja ndiye anandionetsa dzina langa pakhoma, n'kunena kuti, "Mwana uja wakhoza, amama." Setifiketi ndinaiika m'chikwama cha mapepala a malemu, pamwamba pa chiphaso chawo choyendetsera galimoto.

Seputembala itakwana tinasonkhana ku Chisenga. Amalume anafika, achemwali a apongozi anafika, ana anga anabwera. Abusa atapemphera, amayi a pamudzipo ananditengera m'nyumba. Anandivula duku, chitenje ndi diresi lakuda lija, lomwe linali litayamba kuyera m'mapewa ndi dzuwa la panjinga. Ndinalira pang'ono, iwonso analira. Mwa mwambo, chovala chatsopano amapereka ndi akuchimuna. Apongozi anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa diresi lobiriwira.

"Sitinapeze telala wina woposa uyu," anatero, akundiveka.

M'mapewa linakhala bwino. M'chiuno linali lotayirira, moti ndikanatha kubisamo nkhuku. Mlamu anakoka nsalu yotsalayo mbali zonse ziwiri n'kuuza amayi onse kuti, "Malo anga awa. Asawagwire."

Sindinawagwire. Panopa ndimachapabe pachipatala, ndipo Loweruka ndimasoka pakhonde ndi makina amene ana anandigulira. Kubweza misoko iwiri ija ndi ntchito yosatenga ola limodzi, koma diresilo limakhala miyezi ina ku Lufita, miyezi ina ku Chisenga. Likakhala kwa ine ndimamanga lamba.