Zomwe ndanenera alamu anga chifukwa cha chikanda

Abale, mwaswera bwanji. Ine manyazi andigwira lero.

Titatuluka Misa yokumbukira malemu mwana wanga Agnes ku Wusakile, alamu anga amake Daliso anapatsa Tiza, kamwana kamene Agnes anandisiyira, chikanda kuti adye. Posakhalitsa milomo ya mwana yatupa, kupuma kukuvuta. Ine pakati pa anthu ndawakuwira alamu kuti, “Munandidyera Agnes, mukufunanso uyu?”

Kukiliniki anesi akuti ndi nsawa za m'chikanda. Akuti ana amene anavutika ndi zidzolo ali makanda, ngati Tiza, nthawi zina thupi lawo limakana zakudya zina. Panopa Tiza wapeza bwino.

Koma amene anathamanga naye kumsana mpaka kukiliniki, opanda nsapato, ndi alamu omwewo.

Kunyumba kwawo ndipite ndekha kukapepesa, kapena wina andiperekeze?