Chitenje Chimene Ndinagula Kuti Ndibise Nkhope

Ndinanyamuka ku Kawale Loweruka m'mamawa nditauza oyandikana nawo nyumba kuti ndikukapikula usipa ku Salima. Linali bodza. Ndinkapita ku Senga Bay chifukwa mwana wanga Yamikani anandiimbira foni, kundipempha kuti ndikakhalepo pamene anthu akumeneko akuthokoza gulu lawo.

Yamikani ndi mwamuna wokonda amuna anzake. Anandiuza yekha zaka zinayi zapitazo, ine n'kumuyankha mawu amene sindingawalembe pano, ndipo chichokereni sanapondenso pakhomo panga. Iye ndi anzake asanu, amuna ndi akazi a moyo ngati wake, amayenda m'masukulu a sekondale kulankhula ndi ana ndi aphunzitsi kuti mwana wosiyana ndi anzake asamamenyedwe kapena kunyozedwa mpaka kusiya sukulu.

M'chikwama ndinaponyamo chitenje chatsopano chobiriwira. Nzeru yanga inali yakuti ndikakhale kumbuyo, ndikadzifunde kumutu ngati wodwala malungo, ndikamuone mwanayo ngati akudya, kenako n'kubwerako popanda wondizindikira.

Pa depoti kondakitala analumbira kuti watsala munthu mmodzi yekha kuti minibasi idzaze. Munthu mmodziyo tinamudikira ola lathunthu. Ndinalipira K9,000 n'kupanikizika pakati pa bambo wonyamula batire la galimoto ndi mayi wa nkhuku ziwiri zimene zinkandiyang'ana ngati zikudziwa bodza langa. Pa Chezi ndinagula chimanga chootcha cha pawindo. Titayamba kutsetsereka mapiri a ku Mvera mphepo inasanduka yotentha, aliyense n'kuyamba kuvula juzi.

Tinafika pa Salima cha m'ma 11 koloko. Ndinakwera kagalimoto ka anthu asanu ndi awiri tili khumi, mpaka pa Senga Bay, pamene fungo la usipa woyanika limakulonjera usanatsike. Kuchoka apo ndinatenga kabaza wa bambo wina wachikulire wovala kofiya. Nditatchula sukulu imene kunali mwambowo anadziwiratu. Anandiuza kuti nkhani ya gululi inavuta, ena kutchalitchi ndi kumzikiti anadandaula, ndipo mpaka lero alipo osafuna kumva. Koma mwana wa mlongo wake, mtsikana amene anzake ankamusowetsa mtendere chifukwa cha kayendedwe kachimuna, anali atasiya sukulu, ndipo anabwerera gululi litalankhula ndi aphunzitsi.

"Wallahi, za moyo wawo ine sindizimvetsa," anatero akupalasa mumchenga. "Chondiwawa n'chakuti akuti makolo awo anawataya. Inu mayi, munthu n'kutaya mwana wobala yekha?"

Ine wa pakamwa pakuthwa, amene pamsika amandiopa, ndinangogwiritsa chishalo. Manyazi anandigwira mpaka kumapazi.

Mwambo unali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa makalasi. Anthu sanali ambiri, ndipo ena anaima patali kungoonerera akunong'onezana. Ndinakhala pa benchi lakumbuyo n'kudzifunda monga ndinakonzera. Yamikani ndinamuona nthawi yomweyo. Anali atawonda, atavala malaya oyera, ndipo maso ake ankangoyendayenda pa anthu. Ndinadziwa amene ankamufuna.

Mphatso sizinali zodabwitsa: thumba la mpunga wa ku Lifuwu, dengu la utaka wouma ndi pepala lothokoza loikidwa m'galasi. Amayi a Nabanda, wapampando wa komiti ya makolo, anafotokoza za ana amene anabwerera m'kalasi. Kenako anaitana asanu ndi mmodziwo kuti aime.

"Kwathu kuno munthu wolemekezedwa salandira mphatso akuponda fumbi," anatero. "Achibale awo bwerani muwayalire zitenje."

Ndikhulupirira mayiwo anangolankhula mwachizolowezi, osaganiza kuti akunena kwa ndani. Palibe anadzuka. Mtsikana mmodzi wa m'gululo anaseka kaseko kowawa, ndipo Yamikani anayang'ananso anthu kamodzi, n'kuwerama, n'kuyamba kuyenda pafumbi pomwepo ngati munthu wozolowera.

Kuzolowera kumeneko n'kumene kunandidula mtima. Sindikumbuka mmene ndinalumphira mabenchi ndi mawondo angawa. Ndinachotsa chitenje kumutu, ndinachikutumula, n'kuchiyala patsogolo pake nditagwada. Iye anaima ngati waona mzukwa, phazi lili m'mwamba.

"Ponda iwe," ndinatero. "Ukuopa chiyani? Ndine mayi ako."

Anaponda akulira. Anzake asanu anatsalira m'mbuyo, ndiye ndinawakalipira kuti nawonso aponde, chitenjecho sichinali cha dzira. Amayi a Nabanda anamasula chawo n'kulumikiza, amayi ena awiri anatsatira, ndipo wina anaimba nthungululu. Oima patali aja ena anachoka. Ndinawasiya apite.

Pobwerera Yamikani anandiperekeza mpaka pa Salima, atandigawira mpunga m'jumbo. Sitinakambe zambiri. Zilipo zimene sindinazimvetsebe, ndipo sindinamunamize kuti ndazimvetsa. Ndinangomuuza kuti chitseko cha ku Kawale akuchidziwa.

Ndinafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Amake Chisomo, oyandikana nawo, anandifunsa kuti usipa uja uli kuti. Ndinatulutsa chitenje, mapazi a nsapato za anthu asanu ndi mmodzi aja akuonekerabe, n'kuchiyanika pachingwe osachichapa.

"Kunalibe za usipa," ndinawayankha. "Ndinapita kwa mwana wanga."